Kalata yotseguka kwa akuluakulu oyang'anira Kalk Bay: doko lisatsale lopanda asodzi ake

Olemekezeka a Meya a mzinda wa Cape Town, makhansala a madera a m'mphepete mwa False Bay, a Nduna yoona za usodzi, ndi akuluakulu a unduna woyang'anira malo ndi nyumba za boma,

Ndikupereka ulemu kwa inu nonse. Ine ndine Mmalawi wobadwira m'mphepete mwa nyanja m'boma la Mangochi, mwana wa msodzi, ndipo kwa zaka zoposa khumi ndakhala ndikugona ku Capricorn n'kumagwira ntchito ku Kalk Bay, poyamba m'minda ya maluwa ya nyumba za kumtunda, kenaka m'khitchini ya malo ena odyera pafupi ndi doko. Sindine nzika ya dziko lino, sindiponya nawo voti yosankha makhansala, ndipo ndikudziwa kuti ena angafunse chimene chachititsa mlendo kulowerera nkhani ya eni mudzi. Kwathu akuluakulu amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, kutanthauza kuti wochokera kutali nthawi zina amaona chimene eni ake anasiya kuchiona chifukwa chochizolowera. Ndalemba m'Chichewa kuti abale anga ambiri amene amatsuka mbale, kusesa, kulondera ndi kudulira maluwa m'dera limeneli amve nawo mbiri ya malo amene amawadyetsa, pakuti munthu sayenera kudya za m'mudzi umene sakudziwa kuti unamangidwa ndi yani.

Chimene ndabwera nacho ndi chimodzi. Moyo wa Kalk Bay uli mwa mabanja a asodzi amene akhala pa gombeli kwa mibadwo isanu kapena isanu ndi umodzi, ndipo mabanja amenewa, amene ngakhale boma la tsankho linalephera kuwachotsa onse, lero akuchepa mwakachetechete chifukwa cha mitengo ya nyumba ndi kavutidwe ka ziphaso zophera nsomba. Malamulo anu amateteza makoma, madenga ndi mazenera a nyumba zakale za kuno, ndipo n'zoyamikirika. Ndikupempha kuti chitetezo chofananacho chifike kwa anthu amene anapatsa nyumbazo tanthauzo.

Amene sanafikeko ayenera kudziwa kuchepa kwa malowa, chifukwa vuto lonse lagona pamenepo. Kalk Bay ndi kadera ka anthu osakwana 1,000 malinga ndi kalembera wa 2011, kopanikizika pakati pa phiri ndi nyanja yamchere, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kumwera kwa pakati pa mzinda. Njanji imadutsa pamwamba penipeni pa miyala imene mafunde amamenya, kuseri kwake kuli msewu wa Main Road, ndipo kuchokera pamenepo tinjira ta miyala ndi masitepe timakwera molunjika mpaka ku msewu wa kumtunda wa Boyes Drive. Kupitirira apo ndi phiri lotetezedwa, la mapanga ngati Boomslang ndi tinkhalango ta m'zigwa ngati Echo Valley. M'miyezi yotentha kumaomba mphepo yamphamvu yochokera kumwera chakum'mawa, imene imandikumbutsa mwera wa kunyanja kwathu, ngakhale kuti wathuwo umavuta m'nyengo yozizira. Dera lotere lilibe kofutukukira. Nyumba imodzi ikachoka m'manja mwa banja la asodzi, palibe malo ena pafupi ndi doko pamene banjalo lingamangenso, ndipo kuchoka kwake kumakhala kwa muyaya.

Dzina la malowa linachokera ku ntchito ya manja. Mawu akuti kalk m'Chidatchi amatanthauza laimu, ndipo kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600 anthu ankatola zigoba za nkhono za m'nyanja pa gombeli n'kumaziwotcha m'ng'anjo kuti apeze laimu womangira ndi kupaka nyumba za ku Cape. Azungu asanafike n'komwe, anthu a mtundu wa Khoi ndi San anali atadya za m'nyanja imeneyi kwa zaka zikwizikwi, ndipo zotsalira za anthu akale kwambiri zinapezeka m'phanga la Peers ku Fish Hoek, kungodutsa phiri limodzi. M'zaka za m'ma 1740 kampani ya Adatchi inayamba kukocheza zombo zake ku Simon's Bay, kumene lero kuli tauni ya Simon's Town kumwera kwa Kalk Bay, m'nyengo yozizira, ndipo popeza njira ya pamtunda inali yoipa chifukwa cha mchenga ndi miyala, katundu ankabwera pa ngolo mpaka ku Kalk Bay n'kumalizira ulendo pa maboti. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 kunabwera opha anamgumi, amene anapha zinyamazi mpaka zinatsala pang'ono kutheratu. Lero anamgumi abwerera, ndipo pakati pa Juni ndi Novembala munthu amatha kuwaona ali chiimire pa Boyes Drive, chifukwa maboma anafika poganiza kuti n'ngofunika kuwateteza. Ndatchula zimenezi dala, pakuti zikusonyeza kuti chimene boma latsimikiza mtima kuchisunga chimasungika.

Koma mbiri imene ndikufuna muiganizire mofatsa ndi ya anthu amene anasandutsa gombeli mudzi. Ukapolo utathetsedwa ku Cape m'chaka cha 1834, ndipo akapolo atamasulidwa kotheratu pa 1 Disembala 1838, ena mwa iwo, ambiri Asilamu amene makolo awo anagwidwa kuzilumba za kum'mawa ndi madera ena a m'mbali mwa nyanja ya Indian, anabwera kudzakhala kuno chifukwa nyanja sinkafunsa munthu kuti anali wa yani. Mbedza, chingwe ndi malo m'boti zinali zokwanira kuti munthu adyetse ana ake popanda kugwadira bwana wa pa famu. Chapakati pa zaka zomwezo za m'ma 1800 kunafikanso amalinyero ochokera ku Philippines, ena atapulumuka pa ngozi za zombo, ena atathawa m'zombo zimene ankagwiramo ntchito, ndipo pambuyo pake enanso anabwera pothawa ulamuliro wankhanza wa Spain kwawo. Anthu ankawatcha a Manila, kutengera dzina la mzinda waukulu wa kwawo. Maina a mabanja monga Fernandez, De la Cruz ndi Erispe anakhazikika kuno kuchokera nthawi imeneyo, ndipo masitepe ena a m'derali anapatsidwa dzina loti Manila Steps powakumbukira.

Asodzi a ku Philippines anali Akatolika, ndipo asanakhale ndi tchalitchi chawo ankayenera kupita ku Simon's Town kukachita mapemphero. M'chaka cha 1858 anawamangira katchalitchi ka St James, dzina la mtumwi amene analinso msodzi. Pamene a njanji anafuna malo a katchalitchiko kuti amangepo siteshoni, wansembe wa pamenepo, Bambo John Duignam, anavomera kusamuka pokhapokha siteshoniyo itatenga dzina la tchalitchi, ndipo n'chifukwa chake dera loyandikana nalo, limene lero lili ndi nyumba zodula kwambiri, limatchedwa St James. Anthu ambiri amene amajambulitsa zithunzi pa timanyumba ta utoto wowala ta pa gombe la St James sadziwa kuti dzinalo analibweretsa ndi asodzi osauka ochokera kutsidya kwa nyanja. M'kadera komweka muli mzikiti waung'ono pa Quarterdeck Road ndi tchalitchi cha Anglican cha Holy Trinity, chofolera ndi udzu, chimene chinamangidwa mu 1874. Anthu a zipembedzo zitatuzi ankakwera boti limodzi, kukwatirana ndi kuikana maliro. Ine wochokera ku Mangochi, kumene Msilamu ndi Mkhristu amakoka khoka limodzi m'bandakucha, ndinazizindikira msanga zimenezi nditangofika, ndipo zinandipangitsa kumva ngati sindili kutali kwenikweni ndi kwathu.

Njanji inafika ku Kalk Bay mu 1883 ndipo inapitirira mpaka ku Simon's Town mu 1890. Inabweretsa alendo, mahotela ndi ndalama, komanso inathandiza kuti nsomba zizifika msanga m'misika ya m'tauni. Koma pomanga chigawo chopita ku Simon's Town, njanjiyo inadutsa pa mchenga womwewo umene asodzi ankakwezerapo maboti awo, ndipo malo othawitsira maboti pa nthawi ya mkuntho anachepa kwambiri moti mafunde ankawaphwanyira pa zipilala za mwala za njanjiyo. Asodzi anadandaula kwa zaka zambiri. Mwala wa maziko a khoma lotchinga mafunde unaikidwa mu 1913, chaka chomwe Kalk Bay inalowa pansi pa khonsolo ya Cape Town, ndipo doko linamalizidwa mu 1919 pamodzi ndi kansanja ka nyali kamene kali kumapeto kwa khomalo. Kuchokera 1890 kufika 1919 ndi zaka 29. Mbadwo wathunthu wa asodzi unataya maboti podikira kuti akuluakulu akonze chimene chitukuko chinawononga. Doko limene lero alendo amayendamo akudya ayisikirimu linamangidwa ngati kubweza ngongole kwa asodzi, ndipo aliyense woganiza za tsogolo lake ayenera kuyambira pa mfundo imeneyi.

M'zaka za m'ma 1940 khonsolo ya mzinda, pofuna kuthetsa nyumba zothithikana zimene asodzi ankakhalamo, inamanga mafulati a asodzi pa malo omwewo moyang'anizana ndi doko, m'malo mowasamutsira kutali. Anali maganizo anzeru, chifukwa msodzi ayenera kugona pamene angaone nyanja ndi kumva mphepo, kuti adziwe usiku womwewo ngati kukucha kopita panyanja kapena ayi. Kenaka kunabwera lamulo la Group Areas Act la 1950, logawa malo okhala potengera khungu. District Six, dera la pafupi ndi pakati pa mzinda wa Cape Town, inalengezedwa kukhala ya azungu okhaokha mu 1966, ndipo anthu oposa 60,000 anachotsedwa. Mu 1967 chilengezo chotere chinagwera Simon's Town ndi Kalk Bay. Anthu a ku Simon's Town amene boma linkawatcha makaladi anasamutsidwira ku Ocean View, kuseri kwa mapiri, kumene ngakhale dzinalo likunena za kuona nyanja, anthu anatalikirana ndi gombe limene linkawadyetsa. Ku Kalk Bay asodzi anakana, mothandizidwa ndi atsogoleri a mipingo ndi anansi awo ena achizungu, ndipo mfundo yawo inali yosavuta kumva: doko silingagwire ntchito ngati anthu ake akugona kutali. Boma linalola kuti okhala m'mafulati atsale kwa zaka 15, ndipo nthawiyo itakwana silinawachotse. Komabe mabanja amene ankakhala kunja kwa mafulatiwo anasamutsidwa ndithu, ndipo zimenezi siziyenera kuiwalika pamene anthu akunyadira kuti Kalk Bay inapulumuka.

M'nthawi yomweyo kagombe ka mchenga ka m'kati mwa doko kanali amodzi mwa malo ochepa a mbali ino kumene anthu osakhala azungu ankaloledwa kusambira. N'chifukwa chake mpaka lero, pa 26 Disembala ndi pa tsiku la chaka chatsopano, mabanja ochokera ku Cape Flats, madera amene boma la tsankho linasamutsirako anthu ambiri osakhala azungu, amadzaza pamenepo ndi mapoto, mabulangete ndi agogo awo, ngakhale kuti magombe akuluakulu ndi okongola anatsegukira aliyense kalekale. Ndamvapo ena akudandaula za phokoso ndi zinyalala za masiku amenewa. Zinyalala zimathetsedwa ndi migolo yokwanira, zimbudzi zaukhondo ndi opulumutsa anthu m'madzi, ndipo ndikupempha khonsolo kuti izichita zimenezo mokwanira chaka ndi chaka. Anthuwo akubwerera pamalo pamene makolo awo analoledwa kupumira pamene kwina konse ankapirikitsidwa, ndipo ayenera kulandiridwa ngati eni ake.

Mu 2018 magazini ya Forbes inaika Kalk Bay pa mndandanda wa madera 12 osangalatsa kwambiri pa dziko lonse. Ambiri anakondwera, ndipo sindinganame, alendo odzaona malo ndi amene amandipatsa ine ndi anzanga ntchito. Koma kutchuka kwa kadera kopanda kofutukukira kumakweza mitengo ya nyumba mofulumira kuposa mmene mtengo wa nsomba ungakwerere. Nyumba zimene munkakhala mabanja zikusanduka zogona alendo a masiku awiri kapena atatu, ndipo m'nyengo yozizira tinjira tina timakhala zii usiku chifukwa eni nyumbazo ali ku Johannesburg kapena kutsidya kwa nyanja. Mtengo wa nyumba ukakwera, msonkho wa khonsolo umakweranso, ngakhale kwa nkhalamba imene sinagulitse kanthu ndipo ikukhala m'nyumba yomwe inabadwiramo. Mwana wa msodzi akakwatira sangapeze lendi imene angaikwanitse pafupi ndi makolo ake, choncho amapita ku Ocean View, Retreat kapena Mitchells Plain, kumalo komwe kuja boma la tsankho linkafuna kuti agogo ake apite. Palibe wapolisi amene wagogoda pakhomo, palibe galimoto la boma limene labwera kudzanyamula katundu, koma mapeto ake akufanana.

Lamulo la National Heritage Resources Act la 1999 limaletsa kugumula kapena kusintha nyumba yoposa zaka 60 popanda chilolezo, ndipo khonsolo inaika dera limeneli m'gulu la malo otetezedwa chifukwa cha mbiri yake. Mwini nyumba akafuna kusintha khonde kapena denga amayenera kulemba makalata ndi kudikira yankho. Koma banja limene lakhala pa gombeli kuyambira nthawi ya a Manila likamalongedza katundu, palibe ofesi imene imafunsa chifukwa chake. Ndikudziwa kuti khonsolo ili kale ndi ndondomeko yochepetsera msonkho okalamba ndi opeza zochepa. Pempho langa n'lakuti muifutukule kuti ifikire mabanja a asodzi okhazikika a m'mafulati ndi m'nyumba zozungulira, kuti msonkho wawo usamayendere mtengo umene mlendo wachuma angalipire pa nyumba ya pafupi. Ndikupemphanso kuti muike malire pa chiwerengero cha nyumba zogona alendo a masiku ochepa m'kadera kakang'ono chonchi, ndiponso kuti malo aliwonse a boma kapena a khonsolo amene angapezeke kuno aganiziridwe choyamba pa nyumba za ana a asodzi asanaperekedwe kwa amalonda.

Kwa inu a Nduna, nkhani ndi ya ziphaso. Usodzi wa ku Kalk Bay ndi wa chingwe cha pamanja. Amuna amanyamuka usiku kapena m'bandakucha pa maboti amatabwa amene kuno amawatcha chukkie, aliyense ndi chingwe chake, mbedza ndi nyambo, ndipo nsomba imakwera m'boti imodziimodzi: snoek, yellowtail, kabeljou, geelbek, red roman. Zala za asodziwa zimakhala zodzaza ndi zipsera chifukwa cha chingwe ndi mano a snoek. Boti likabwerera masana, nsomba zimaponyedwa pa simenti ya doko, opikula amene amatchedwa langana amapikisana mitengo, gawo lina la ndalama limapita kwa mwini boti, ndipo amayi a mipeni yakuthwa amatumbula ndi kung'amba snoek mofulumira kwambiri moti diso silitsatira. Pa nsomba imodzi pamadyera anthu angapo. Kapheredwe kameneka sikakokolola pansi pa nyanja ngati makoka a zombo zikuluzikulu, ndipo msodzi amaona nsomba iliyonse imene wakola.

Sindikukana kuti nsomba zachepa. M'chaka cha 2000 boma linalengeza kuti nsomba zophedwa ndi chingwe zili pa ngozi ndipo linadula kwambiri chiwerengero cha ololedwa kupha. Ine amene ndinaona chambo chikusowa m'nyanja ya Malombe ndili mnyamata ndikudziwa kuti nyanja imatha kutopa, ndipo sindingapemphe kuti malamulo otetezera nsomba achotsedwe. Chimene chimandiwawa ndi mmene mtolo wa chitetezocho wagawidwira. Lamulo la Marine Living Resources Act la 1998 linazindikira usodzi wa makampani, wa masewera ndi wongopezera ndiwo, koma linasiya kunja asodzi ang'onoang'ono amene amapha kuti agulitse ndi kudyetsa mabanja. Pogawa ziphaso za nthawi yaitali cha m'ma 2005, ambiri a iwo anatsala manja lende. Anapita ku khoti, ndipo mu 2007 bwalo la Equality Court linalamula boma kuti likonze ndondomeko yowaganizira. Ndondomekoyo inatuluka mu 2012. Kumapeto kwa 2013, pa kagawidwe kena ka ziphaso, eni maboti ambiri a usodzi wa chingwe, kuphatikizapo a ku Kalk Bay, anauzidwa masiku a chikondwerero cha chaka chatsopano kuti sakuloledwanso kupita panyanja, ndipo kafukufuku amene undunawo unachititsa pambuyo pake anapeza kuti kagawidweko kanali ndi zolakwika. Makopaletivi a asodzi ang'onoang'ono a m'chigawo cha Western Cape analandira ziphaso zawo kumapeto kwa 2023, patatha zaka 16 chigamulo cha khoti chija chiperekedwere.

Zaka 16 ndi nthawi yokwanira kuti mnyamata amene akanaphunzira kuwerenga mafunde ndi mitambo kwa bambo ake asiye n'kupita kukagwira ntchito ya ulonda. Nzeru za panyanja sizilembedwa m'buku. Kudziwa pamene yellowtail imadutsa mphepo ikatembenuka, kapena kuzindikira mtundu wa madzi umene umabweretsa snoek, munthu amaphunzira ali m'boti pambali pa wamkulu, ndipo mbadwo umodzi ukadumphidwa nzeruzo zimapita kumanda ndi eni ake. Madzi akatayika saoleka. Choncho ndikupempha kuti pogawa ziphaso muziwerengera zaka zimene banja lakhala pa usodzi ndi chiwerengero cha anthu amene boti limodzi limadyetsa, kuti mafomu akhale osavuta moti msodzi angawalembe popanda kulipira loya, ndiponso kuti mitundu ya nsomba imene makopaletivi apatsidwa ikhale yokwanira kudyetsa banja chaka chonse. Chiphaso chimene chimalola munthu kupha nsomba zosakwanira kugula mafuta a boti chimangomusiya ndi ngongole.

Kwathu ndinaona ndi maso anga mmene gombe limachokera m'manja mwa eni ake. M'mbali mwa nyanja pakati pa Mangochi ndi Monkey Bay, malo ambiri amene makolo athu ankakokerapo makoka ndi kuyanikapo usipa anagulidwa pang'onopang'ono n'kumangidwa nyumba zopumuliramo ndi malo ogona alendo, mipanda n'kutsika mpaka m'madzi. Palibe tsiku limodzi limene munthu angaloze kuti ndi pamene mudzi unataya gombe lake. Linapita chidutswachidutswa, aliyense wogulitsa ali ndi chifukwa chomveka, mpaka amayi anayamba kuyenda mtunda wautali kuti akapeze potungira madzi ndi kuchapira. Ndikaona galimoto za alendo zitadzaza m'doko la Kalk Bay Loweruka masana, wopikula nsomba akusowa poimika galimoto lake kuti anyamule katundu asanawonongeke ndi dzuwa, ndimakumbukira mipanda ija.

Doko limeneli ndi limodzi mwa madoko 12 a usodzi amene boma linakhazikitsa mwalamulo m'chigawo chino, ndipo udindo wake ndi wogawikana: malo ndi nyumba zili m'manja mwa unduna wina, za usodzi zili m'manja mwa unduna wina, pamene misewu, zinyalala ndi chitetezo cha kunja kwa mpanda ndi za khonsolo. Msodzi amene ali ndi dandaulo amasowa khomo loti agogode. Ndikupempha kuti pakhale komiti imodzi yoyendetsa doko, mmene asodzi, amayi otumbula nsomba ndi opikula akhale ndi mipando yawoyawo ndi mphamvu yovota, ndipo kuti pa ndalama za lendi zimene amalonda a m'doko amalipira, gawo lodziwika lizibwerera ku zinthu zimene usodzi umadalira: pokwezera maboti kuti akonzedwe, madzi oundana ndi mosungira nsomba mozizira, matebulo otumbulirapo okhala ndi madzi a m'mipopi, ndi magetsi a usiku. Khoma lotchinga mafunde nalonso lapitirira zaka 100. Pa 16 Seputembala 2023 mafunde aakulu anasefukira m'mbali zambiri za gombe la dziko lino, ndipo kuno ku Kalk Bay analowa mpaka m'malo odyera a m'mphepete mwa madzi anthu ali m'kati. Akatswiri ayenera kumaliyeza khomalo nthawi ndi nthawi ndi kuuza anthu poyera zimene apeza, chifukwa likadzagumuka, oyamba kutaya zonse adzakhala eni maboti amatabwa, monga zinalili 1913 isanafike.

Za sitima ndinena mwachidule. Ambiri mwa ife amene timagwira ntchito kuno timachokera ku Vrygrond, Capricorn, Masiphumelele, Ocean View ndi madera a Cape Flats, ndipo msewu wa Main Road, ngakhale unakonzedwa kwa zaka pafupifupi khumi, ndi umodzi womwewo wopapatiza umene sungakule. Sitima yoyenda pa nthawi yake, kuyambira m'mamawa kwambiri mpaka usiku pamene malo odyera amatseka, ingachepetse galimoto za m'doko ndi kuthandiza wantchito kufika kwawo bwinobwino. Ndikupempha khonsolo ndi oyendetsa njanji kuti pokonza nthawi za sitima aziganizira amene amaweruka mochedwa.

Pali anthu a m'derali, monga a bungwe la Kalk Bay Historical Association, amene agwira ntchito yaikulu yosonkhanitsa zithunzi ndi zolembedwa zakale, ndipo akuyenera kuthandizidwa. Koma nkhalamba zimene zinaona chilengezo cha 1967 ndi maso awo zikutha chaka ndi chaka. Khonsolo ipereke ndalama zoti mawu awo ajambulidwe m'chinenero chawo cha Afrikaans, ana a sukulu za kuno ndi za ku Ocean View akhale nawo pofunsa mafunso, ndipo m'doko momwemo mupezeke chipinda chimene mbiriyi ingaonetsedwe ndi kufotokozedwa ndi ana a asodzi eni ake, amenenso angapezepo malipiro. Maina a mabanja amene anasamutsidwa alembedwe pamalo oonekera, pafupi ndi tinjira timene ankakhala.

Pomaliza ndikupempha kuti musayankhe kalatayi ndi msonkhano wa mu holo ya m'tauni nthawi ya m'mawa, pamene maboti ali panyanja ndipo amayi akudikira nsomba. Bwerani ku doko tsiku la m'kati mwa sabata, cha m'ma 2 koloko masana maboti atakocheza ndi nsomba zitagulitsidwa, mubwere ndi womasulira Afrikaans ndi Xhosa, ndipo mukhale pansi ndi eni maboti, ogwira ntchito m'maboti, amayi otumbula nsomba ndi okhala m'mafulati. Muwauze tsiku limene adzamve yankho pa nkhani ya msonkho, ya komiti ya doko ndi ya ziphaso, ndipo tsikulo lilembedwe pa chikwangwani cha pa geti la doko kuti aliyense wodutsa aziliona.

Ine wanu mwaulemu,
Mwana wa msodzi wa ku Mangochi, wogwira ntchito ku Kalk Bay